Kuphunzitsa Ana Coding Poyambira pa Nthano, Zojambula ndi Nyimbo Zawo

Laputopu yapezeka, pulogalamu ya Scratch yophunzitsira ana coding (kulemba malamulo oti kompyuta itsatire) mwayikamo kale, ana adzaza pakhonde. Loweruka loyamba akulimbirana mausi mpaka ena kulira. Pakatha milungu ingapo mwatsala ndi ana awiri, nawonso akungofunsa ngati mulibe magemu kapena filimu. Mukatsegula zimene gulu lonse lija linapanga mupeza chinthu chimodzi chokhachokha: mphaka wa Scratch akuyenda kulowera kumanja n'kunena kuti "Hello!" Ana khumi, amphaka khumi.

Chimachitika n'chakuti wophunzitsa amalemba pabolodi mabuloko, timalamulo ta Scratch timene mwana amakoka n'kulumikiza, ana n'kumakopera ngati manotsi. Mwana wokopera alibemo chake, ndiye akatopa amachoka. Koma taonani mwana yemweyo akamapinda galimoto ya mawaya: palibe amamuuza chochita, amakasaka yekha waya wina chifukwa akufuna chiwongolero. Coding iyende chimodzimodzi. Buloko iliyonse ibwere pamene nkhani ya mwanayo yayifuna. Malangizo ali m'munsiwa ndi a makolo, aphunzitsi ndi achinyamata otsogolera makalabu a ana kuno ku Mangochi, ngakhale amene sanalembepo pulogalamu chibadwire.

## Zofunika kukhala nazo

- Kompyuta, laputopu kapena tabuleti. Imodzi pa ana awiri ndiye bwino. Atatu n'zotheka. Akapitirira pamenepo, ena amangokhala oonerera.
- Pulogalamu yoyenera msinkhu wa ana anu. Scratch ndi ya ana a zaka 8 mpaka 16, ndi yaulere, ndipo inapangidwa ndi gulu la Lifelong Kindergarten la ku MIT Media Lab ku America. ScratchJr ndi ya ana a zaka 5 mpaka 7, imagwira pa tabuleti ndipo mabuloko ake ndi a zithunzi, oti mwana wosadziwa kuwerenga atha kuwagwiritsa ntchito. Ngati muli ndi foni yokha, ikani OctoStudio, imene gulu lomweli linatulutsa mu 2023. Nayonso ndi yaulere ndipo imagwira popanda intaneti. Masitepe a pano akutsata Scratch, koma ndondomeko yake ndi yomweyo kwina konseko.
- Mausi ya waya. Kukoka mabuloko ndi chala pa kabwalo ka laputopu kumavuta ana aang'ono.
- Fulashi yosungiramo ntchito za ana.
- Mapepala oyera, pensulo, makrayoni ndi cholembera chakuda cha inki yochindikala.
- Foni ya kamera ndi kebo yake.
- Mahedifoni okhala ndi maikolofoni, ngakhale a foni omwewa.
- Tebulo ndi malo a mthunzi. Padzuwa sikirini sioneka. Musayike laputopu pa matiresi kapena pamkeka wa pamchenga, chifukwa timabowo totulutsira mpweya timatsekeka, ndipo ndi kutentha kwathu kwa mu Okutobala ndi Novembala imadzizimitsa yokha ili pakati pa ntchito.

Batire muzilidzaza usiku wake. Amene muli ndi sola, phunzitsani m'mawa kapena masana dzuwa lidakalipo.

## Sitepe 1: Konzani makina ana asanabwere

Pitani pa scratch.mit.edu/download mutsitse Scratch yoti igwire popanda intaneti. Fayilo yake ndi yayikulu ndithu, choncho tsitsani kamodzi pamalo pamene netiweki ili bwino, muyike pa fulashi, kenako muzingoyika m'makina enawo kuchokera pa fulashipo. Scratch 3 imafuna Windows 10 kapena yatsopano kuposa apo. Ngati kompyuta yanu ndi yakalekale, patsamba lomwelo pali Scratch 2.0 ndi 1.4, maonekedwe ake ndi osiyanako koma ana amaphunzirapo zomwezo.

Mukamaliza, zimitsani intaneti, mutsegule pulogalamuyo, muone ngati ikugwira. Ambiri amayesa ali pa bandulo, n'kudzazindikira ana atakhala kale pansi kuti zimene ankatsegula zija zinali za pa intaneti. Dziwaninso kuti zowonjezera ziwiri za mu Scratch, Text to Speech (yowerenga mawu mokweza) ndi Translate (yomasulira), zimafuna intaneti ngakhale Scratch yanu ili ya m'makina. Musawalonjeze ana zimenezo.

Pangani foda ya mwana aliyense kapena ya awiriawiri. Magemu ndi mafilimu amene ali poonekera muwabise, apo ayi mupikisana nawo ndipo mugonja.

## Sitepe 2: Tsiku loyamba liyambire pamchenga

Musanatsegule laputopu, tulukani panja. Lembani pansi ndi kamtengo mabokosi asanu m'litali, asanu m'lifupi. M'bokosi la pakona ikanimo dambe kapena mwala. M'mabokosi awiri kapena atatu a pakati ikanimo patapata, ndipo muwauze ana kuti amenewo ndi ng'ona. Mwana mmodzi akhale loboti. Loboti amamva malamulo atatu okha: pita patsogolo bokosi limodzi, tembenukira kumanja, tembenukira kumanzere. Anzake alembe malamulo onse papepala loboti asananyamuke, kenako mmodzi aziwerenga mokweza.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amamulola loboti kugwiritsa ntchito nzeru zake. Mwana akaona kuti lamulo likumulowetsa mwa ng'ona amalambalala, masewera n'kutha phindu. Muuzeni kuti achite zokhazo zimene wauzidwa. Akaponda patapata, onse aseke, abwerere kupepala akapeze mzere umene walakwika, akonze, ayambirenso. Ana akangozolowera kuti cholakwika chimakhala papepala ndipo chimapezeka, sadzaopanso kompyuta ikachita zosayembekezeka.

Posakhalitsa wina adzadandaula kuti akutopa kulemba "pita patsogolo" kanayi motsatizana. Mufunseni njira yachidule. Akanena kuti "tingolemba kuti bwereza kanayi", mwanayo wapeza yekha buloko ya *repeat* asanayione n'komwe. Mphindi 20 zakwana. Musapitirize mpaka atope nazo.

## Sitepe 3: Nkhani ilembedwe papepala kaye

Pindani pepala pawiri, mupindenso, kuti likhale ndi zigawo zinayi. Mwana ajambule nkhani yake m'zigawo zimenezo: ndani, ali kuti, chachitika n'chiyani, zatha bwanji. Pansi pa chithunzi chilichonse alembe mawu amene anthu ake akuyankhula.

Mukangoti "lembani nkhani iliyonse", theka la ana lingokuyang'anani, ena akopera za m'mafilimu. Afunseni mafunso a kwawo. Unaonapo chiyani kudooko chimene chinakuseketsa? Agogo ako amakonda nthano iti ikafika nthawi ya "Padangokhala", inu n'kumati "Tili tonse"? Mphepo ya mwera itawapeza asodzi ali pakati pa nyanja anatani? Mayankho amabwera okha: wa kabaza wanyamula mbuzi pa mlatho wa Bakili Muluzi ndipo mbuziyo yadumpha, nkhwazi yalanda chambo m'bwato, Ilala ikunyamuka ku Monkey Bay munthu wina atatsalira akugula usipa wokazinga, nyale za asodzi a chilimira zili mbuu panyanja usiku. Wina sadzafuna za nyanja n'komwe, adzafuna za mpira kapena za atate ake amene ali ku Joni. Mulekeni. Nkhani ya mwana si yoti inu muyivomereze kuti ndi yophunzitsa khalidwe.

Mawu a anthu a m'nkhanimo alembedwe m'chiyankhulo chimene mwanayo amasekera. Mabuloko a Scratch adzawaona m'Chingerezi, koma zimene msodzi wake akunena zikhale m'Chichewa kapena m'Chiyao mmene akufunira. Ana ambiri a ku Makanjira, Namwera kapena Malindi amamasuka kwambiri akadziwa kuti kompyuta ikhoza kunena Chiyao chawo.

Chenjezo: ana amabweretsa nkhani zazikulu, za anthu khumi ndi malo asanu. Musayikane. Nenani kuti, "Iyi ndi yabwino, koma tiyambe ndi gawo limodzi. Ndi pati pamene pakukusangalatsa kwambiri?" Ntchito yoyamba ikhale ya osewera awiri ndi malo amodzi.

## Sitepe 4: Chotsani mphaka, mulowetse zojambula za mwana

Chilichonse choyenda pa siteji ya Scratch, bwalo limene nkhani imaonekera, chimatchedwa *sprite*. Pano tizichitcha wosewera. Scratch ili ndi osewera ambiri okonzeratu, koma simupezamo bwato losema, mlambe kapena mayi wosenza beseni la utaka. Mwana ajambule ake.

1. Ajambule wosewera aliyense papepala lakelake, wamkulu bwino, m'mbali mwake adutsemo ndi cholembera chakuda.
2. Jambulani pepalalo ndi foni muli panja pamthunzi, foni ili chowongoka pamwamba pa pepala. M'nyumba chithunzi chimada, ndipo padzuwa chimagwidwa ndi mthunzi wa dzanja lanu.
3. Tumizani chithunzicho mu kompyuta ndi kebo kapena Bluetooth.
4. Mu Scratch, dinani kabini kamene kali pa chithunzi cha mphaka kumunsi kuti achoke. Ikani mausi pa batani lozungulira la kumunsi kumanja, musankhe *Upload Sprite*.
5. Pitani pa *Costumes*, mutenge chofufutira, mufufute pepala loyera lozungulira chojambulacho.
6. Chikakhala chachikulu, chepetsani nambala ya pa *Size*, imene imayambira pa 100.

Gawo lachisanulo limadya nthawi, ndipo mwana wosazolowera mausi amafufuta ndi mutu womwe wa msodzi wake. Muonetseni kamuvi kobwezera m'mbuyo kamene kali pamwamba pa malo ojambulirapo. Kukula kwa chofufutira kumasinthika: chachikulu kutali, chaching'ono pafupi ndi mizere. Ana ena amakonda kujambula mu kompyuta momwemo posankha *Paint*. Zonse n'zabwino, kungoti tsiku limatha akusankha mitundu, choncho muwapatse malire a nthawi.

Malo a nkhani, amene Scratch imawatcha *backdrop*, amalowa mwa njira yomweyi kudzera pa batani la pakona penipeni kumanja. Chithunzi chenicheni cha gombe kapena cha msika chimakongola kwambiri kumbuyo kwa zojambula za krayoni. Pojambula, pewani nkhope za anthu amene simunawapemphe.

## Sitepe 5: Mabuloko oyamba

Titenge chitsanzo cha mwana amene wajambula msodzi m'bwato ndi mvuu. Akufuna bwato liyende, mvuu ivuuke, msodzi akuwe.

Musamuonetse mabuloko onse. Muuzeni zinthu ziwiri zokha: achikasu ndi oyambitsira, abuluu ndi oyendetsera. Adine pa bwato kumunsi, akoke buloko yachikasu ya *when green flag clicked*, pansi pake alumikize *move 10 steps*. Adine mbendera yobiriwira. Bwato lisuntha pang'ono. Adzafuna lipite patali, ndipo apa mumukumbutse za pamchenga paja. Akapeza *repeat 10* pakati pa mabuloko a mtundu wa lalanje, ayike *move 10 steps* m'kati mwake. Kenako asinthe manambala mmene akufunira: 10 akhale 3, akhale 50, akhale -10. Musamuuze chimene chichitike. Nambala yokhala ndi kamzere kutsogolo ikalibweza bwato chambuyo, mwana wa Sitandade 4 amamvetsa zimene pabolodi akanavutika nazo.

Akadinanso mbendera, bwato liyambira pomwe linaima, ndipo pakapita nthawi likakamira m'mphepete mwa siteji. Ili ndi vuto loyamba la mwana aliyense. Mankhwala ake ndi buloko ya *go to x: y:* yoikidwa pansi penipeni pa mbendera, kuti nthawi zonse bwato liziyambira malo amodzi. Siteji ndi yotalika 480 chopingasa ndi 360 choimirira. Pakati penipeni ndi x: 0, y: 0. Kumanzere x amafika -240, kumanja 240. Kumwamba y amafika 180, kumunsi -180. Simufunika kuwaloweza ana zimenezi. Akoke bwato ndi mausi kuliyika pamene akufuna, manambala a mu buloko ya *go to* imene ili kumbali asintha okha, iye angoyikoka.

Kuti msodzi aoneke ngati akupalasa, pitani pa *Costumes*, mudine batani la kumanja la mausi pa chojambulacho, musankhe *duplicate*. Pa chachiwiricho mwana asinthe malo a nkhafi. M'kati mwa *repeat* muja awonjezere *next costume* ndi *wait*, nambala yake ikhale 0.2. Popanda kadikiridwe kameneka nkhafi imaphethira mofulumira moti diso silitsata.

Ana akakhala awiri pa makina amodzi, mmodzi agwire mausi, winayo agwire pepala la nkhani n'kumanena chotsatira. Asinthane pakatha mphindi 10, ndipo wotchi muyigwire ndinu. Mukazisiya, mnyamata wamkulu amakhala pa mausi mpaka kuweruka, atsikana ali chilili kumbuyo kwake.

## Sitepe 6: Osewera ayankhule, ndipo ayankhule ndi mawu a mwana

Buloko yofiirira ya *say Hello! for 2 seconds* imatulutsa mawu olembedwa. Mwana afufute "Hello!" alembe zake: "Mayo ine, mvuu!" Chiganizo chikatalika awonjezere masekondi kuti owerenga asatsalire.

Koma chimene chimasintha nkhope za ana ndi kumva mawu awo enieni. Pa *Sounds*, ikani mausi pa batani la kumunsi kumanzere, musankhe *Record*. Mwana akuwe ngati msodzi, wina alire ngati mvuu, wina akhuvule madzi m'beseni kuti amveke mafunde. Dulani chete wa kumayambiriro ndi kumapeto, ndipo mawu alionse muwapatse dzina. Mukawasiya kuti recording1, recording2, pofika achisanu palibe adziwe kuti mvuu ndi iti. Jambulirani mawu m'chipinda kapena kuseri kwa nyumba, kutali ndi phokoso la anzawo. Pali mabuloko awiri ofanana: *play sound until done* imadikira mawu athe, pamene *start sound* imayambitsa mawu n'kupitiriza zina nthawi yomweyo. Pokambirana gwiritsani ntchito yoyambayo.

Tsopano mvuu. Mwana adine pa mvuu kumunsi, ayike *when green flag clicked* ndi *hide*, kuti poyamba isaoneke. Funso n'lakuti idziwa bwanji nthawi yovuuka? Ana ambiri amayika *wait* n'kumayerekeza masekondi. Zimagwira, koma akangosintha liwiro la bwato zonse zimasokonekera: mvuu imavuuka bwato lisanafike, kapena msodzi amakuwa pasanaoneke kanthu. Msiyeni agwe m'vutoli kaye, ndiye mumuonetse *broadcast*. Bwato likafika, litumize uthenga umene mwana waupatsa dzina, monga "vuuka". Kwa mvuu ayike *when I receive vuuka*, pansi pake *show* ndi kulira kuja. Mvuu nayo itha kutumiza uthenga wakuti "thawa", msodzi n'kutembenuza bwato. Buloko imeneyi ndi imene imachititsa kuti nkhani ya zigawo zinayi ija iyende mwadongosolo, ndipo ndi yofunika kuikhalira tsiku lathunthu.

## Sitepe 7: Aliyense atsate chimene chimamukoka

Nkhani yoyamba ikatha, musawapatse onse ntchito imodzi. Pofika pano mwawaona kale: wina amangofuna kupikisana, wina amaimba, wina wakhala chete akukongoletsa.

Wokonda magemu apange nkhwazi yogwira chambo. Nkhwazi iyende ndi mivi ya pa kiyibodi: *when right arrow key pressed* ndi *change x by 10*, kumanzere -10, kumwamba ndi kumunsi *change y*. Pa *Variables* apange chowerengera achitche Nsomba. Kwa chambo ayike mbendera, *set Nsomba to 0*, kenako *forever* yokhala ndi *if touching* nkhwazi m'kati mwake; ikakhudza, *change Nsomba by 1* ndipo chambo chidumphire malo ena ndi *go to x: y:*, pa x ayikepo *pick random -220 to 220*, y akhale -120 kuti chisatuluke m'madzi. Malamulo ena awapeke yekha. Mwana wokulira kudooko atha kunena kuti wogwira kasawala achotseredwe mapointi chifukwa nsombayo sinakule. Zimenezo simungaziphunzitse pabolodi, zimachokera kwawo.

Wokonda zilapi agwiritse ntchito *ask and wait*. Agogo ojambulidwa afunse kuti, "Nyumba yanga yopanda khomo?" Pansi pake *if answer = dzira*, agogo aseke; apo ayi anene kuti "Ndipatse mudzi." Scratch siisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono poyerekeza mayankho, koma woyankha akawonjezera mpata kapena kadontho kumapeto, yankho lolondola limakanidwa.

Woimba adine batani la pakona kumunsi kumanzere, awonjezere *Music*. Mulimo ng'oma zosiyanasiyana ndi buloko yosinthira liwiro. Komabe ng'oma za m'menemo sizilira ngati zathu. Ajambule kulira kwa ng'oma yeniyeni, chigubu kapena wisulo, kulira kulikonse akupatse batani lake pa kiyibodi, ayese kutulutsa kayimbidwe ka beni kapena manganje. Phokoso lidzakhalapo, mahedifoni aja ndi apa ntchito yake.

Wokongoletsa awonjezere *Pen*. *Pen down*, kenako *repeat 4* yokhala ndi *move 100 steps* ndi *turn 90 degrees*, ikujambula bokosi. Zonsezo aziyike m'kati mwa *repeat 36*, awonjezere *turn 10 degrees* ndi *change pen color by 10*, aone duwa lotuluka pamenepo. Lamulo lake ndi limodzi: 360 kugawa ndi chiwerengero cha mbali ndiye madigiri otembenukira, choncho mbali zitatu ndi 120, zisanu ndi chimodzi ndi 60. Abweretse chitenje cha mayi ake ayese kutengera maluwa ake. Asaiwale *erase all* pansi pa mbendera, apo ayi zatsopano zimalembeka pamwamba pa zakale.

## Sitepe 8: Zikakanika, manja anu akhale kumbuyo

"Aphunzitsi, sizikutheka!" Mawu amenewa muwamva kosalekeza, ndipo dzanja lanu lidzathamangira mausi lokha. Libwezeni. Mukakonza ndinu, mwana waphunzira kuti zikavuta amaitana wamkulu. Khalani pambali pake mufunse:

"Umafuna chichitike n'chiyani?"

"Mvuu ituluke."

"Nanga chachitika n'chiyani?"

"Sikutuluka."

"Tawerenga mabuloko a mvuu mokweza, kuyambira pamwamba, m'Chichewa."

"Mbendera ikadinidwa, bisala. Ukalandira vuuka, lira... Aa! Sindinayiuze kuti ionekere."

Nthawi zambiri zimathera pomwepo. Zikapanda kutero, achotse mabuloko ena awayike pambali, ayese otsalawo, kenako aziwabwezera imodziimodzi mpaka vuto lionekere. Kudina pa mulu wa mabuloko kumauyendetsa wokha popanda mbendera, ndipo mulu umene ukugwira ntchito umawala m'mbali mwake. Ikaninso lamulo loti asanakufunseni afunse anzake awiri. Inunso mukakhala kuti yankho mulibe, fufuzani naye limodzi. Ana salemekeza mphunzitsi wonamizira.

## Sitepe 9: Sungani, kenako onetsani

Scratch ya m'makina siisunga yokha. Magetsi akazima pa kompyuta yopanda batire, ntchito ya tsiku lonse yapita. Nthawi yosinthana mausi ikhalenso nthawi yosunga: *File*, kenako *Save to your computer*. Fayilo yake imathera ndi .sb3. Dzina likhale la nkhani ndi nambala, monga mvuu1, mvuu2, kuti zatsopano zikawonongeka mubwerere ku zakale. Poweruka koperani zonse pa fulashi. Potsegulanso ndi *File*, *Load from your computer*.

Mphindi 15 zomaliza zikhale zoonetsana. Awiriawiri aonetse ntchito yawo ngakhale isanathe, anene chimene chinawavuta ndi mmene anachithetsera. Oonerera anene chimodzi chimene chawasangalatsa ndi funso limodzi. Musapereke malikisi kapena kusankha wopambana. Mukatero sabata yotsatira onse akopera za wopambanayo.

Pakatha mwezi kapena iwiri itanani makolo. Kholo limene limati ana akungosewera pa kompyuta limasintha maganizo likamva mawu a mwana wake akutuluka mwa msodzi wa krayoni. Kwa achibale akutali, jambulani sikirini ndi foni mutumize kavidiyo pa WhatsApp. Ngati mufuna kuyika ntchito za ana pa tsamba la Scratch la pa intaneti, pemphani makolo kaye, ndipo pasakhale dzina lenileni la mwana, nkhope yake, sukulu kapena mudzi wake. Muwauzenso ana kuti chimene chayikidwa kumeneko aliyense amaloledwa kuchitenga n'kuchisintha.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Mabuloko aikidwa kwa wosewera wolakwika. Wosewera aliyense ali ndi malo ake a mabuloko. Mwana amalemba za mvuu ali pa bwato, bwato n'kumalira ngati mvuu. Asanakoke buloko, ayang'ane kachithunzi kofowoka kamene kali pakona ya kumwamba kwa malo olemberapo.

Wosewera wasowa. Anabisidwa ndi *hide* ndipo palibe *show*. Dinani kadiso kamene kali pansi pa siteji, kenako muyike *show* pamalo oyenera.

Bwato likubwerera chadodolido. Zimachitika mukagwiritsa ntchito *if on edge, bounce*. Ikani *set rotation style left-right* pansi pa mbendera.

Nkhwazi ikukhudza chambo koma palibe chikuchitika. *If* ili payokha, inayang'ana kamodzi poyambirira n'kusiya. Iyenera kukhala m'kati mwa *forever*. Vuto lotsutsana nalo ndi mapointi othamanga mpaka mazana pa kukhudza kumodzi; apo ndiye kuti chambo sichikuchoka pamalo chikagwidwa.

Mabuloko a pansi pa *forever*. Palibe polumikiza chifukwa *forever* siitha. Zimene mwana akufuna zichitike nthawi yomweyo aziyambitse ndi mbendera ina pambali.

Kufotokoza nthawi yayitali. Mukayankhula kupitirira mphindi zisanu ana asanagwire kanthu, mwawataya. Buloko imodzi kapena ziwiri zatsopano pa tsiku n'zokwanira.

Kukonza zojambula za mwana. Mvuu yake ikaoneka ngati nkhumba, ndi mvuu yake. Akuluakulu ena amafika pochotsa chojambula cha mwana n'kuyikapo chithunzi cha pa intaneti kuti ntchito ikongole pamaso pa alendo. Mwana amazindikira, ndipo ulendo wina sajambulanso.

Kuthamangira ku Python. Makolo ena amafunsa kuti ana ayamba liti coding yeniyeni yolemba ndi zilembo. Kubwereza, kusankha ndi *if*, zowerengera ndi mauthenga zimene akuchita mu Scratch ndi zomwezo adzazipeze kumeneko. Mwana asamuke akayamba kudandaula yekha kuti mabuloko akumuchedwetsa, komanso akatha kutayipa bwino.

Kusankha nthawi osafunsa makolo. Kuno ana ambiri akaweruka kusukulu amapita ku madrasa, Lachisanu masana ndi nthawi ya Juma, Lamlungu ena ali kutchalitchi, ndipo atsikana ndi amene amayamba kuitanidwa kukatunga madzi kapena kulera mwana. Khalani pansi ndi makolo mugwirizane tsiku ndi ola, ndipo mutchule poyera kuti ola limenelo ndi la atsikananso. Ola limodzi ndi theka Loweruka m'mawa, dzuwa lisanakule, limakwanira ana ambiri.